Kodi mafuta a m'chiwindi angayezedwe popanda kubaya?

FUNSO: Atandiunika ndi ultrasound, adokotala anandiuza kuti chiwindi changa chili ndi mafuta, ndipo anatchula njira ina yopimira yotchedwa MRS. Kodi imagwira ntchito bwanji, nanga ingalowe m'malo mochotsa kachidutswa ka chiwindi ndi singano? — Mayi wodera nkhawa

YANKHO: Mayi, MRS (magnetic resonance spectroscopy) imachitikira m'makina omwewo a MRI, aja ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito, koma cholinga chake si kujambula chithunzi. Makinawo amatola zizindikiro zochokera ku haidrojeni wa m'madzi ndi wa m'mafuta. Wopima amasankha kachigawo ka chiwindi ka masentimita 2 kapena 3 mbali iliyonse, kawirikawiri chakumanja, kutali ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi, ndipo inu mumapemphedwa kugwira mpweya kwa kanthawi kuti chiwindi chisasunthe. Pa galafu yomwe imatuluka, madzi amaonekera pa 4.7 ppm (ppm ndi muyezo wosonyeza malo a chizindikiro pa galafuyo) pomwe mafuta ambiri amaonekera pa 1.3 ppm, ndipo kompyuta imayerekeza ziwirizi n'kupereka kuchuluka kwa mafuta m'maperesenti. Kafukufuku wa Dallas Heart Study wa ku America, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2005, anaika malire pa 5.56 peresenti, kutanthauza kuti kupitirira pamenepo chiwindi chili ndi mafuta ochuluka. Mafuta ochepa chonchi ultrasound nthawi zambiri siwaona, ndipo apa ndi pomwe MRS imaposa.

Zipatala zimagwiritsa ntchito maginito a 1.5 kapena 3 tesla (tesla ndi muyezo wa mphamvu ya maginito), pomwe a 7 tesla amapezeka makamaka kumalo a kafukufuku. Maginito akakhala amphamvu, zizindikiro zimamveka bwino ndipo zimatalikirana, moti akatswiri amathanso kuyeza ATP, chinthu chonyamula mphamvu m'maselo, pogwiritsa ntchito zizindikiro za phosphorus-31, ndi glycogen, shuga wosungidwa m'chiwindi, pogwiritsa ntchito zizindikiro za carbon-13. Komabe mphamvu yochulukayo imavuta kuti ifalikire mofanana m'mimba monse. Ayironi wambiri m'chiwindi nayenso amasokoneza muyezo ngati sanauganizire powerengera. Kwa munthu ngati inu, amene akungofuna kudziwa kuchuluka kwa mafuta, ine ndikuona kuti makina a 1.5 kapena 3 tesla ndi okwanira.

Chimene ndikufuna muchimvetse bwino n'chakuti MRS imawerenga mafuta molondola, koma siinena motsimikiza ngati chiwindi chatupa kapena chayamba kuchita zipsera, pomwe zipserazo ndi zimene zimaika moyo pachiswe. Pa zimenezi adokotala amayeza magazi, amayeza kulimba kwa chiwindi ndi makina monga FibroScan, ndipo pakakhala chikaiko amachotsabe kachidutswa kaja. MRS ilibe cheza choopsa ngati cha X-ray, koma ngati muli ndi chitsulo m'thupi kapena kachipangizo kothandiza mtima kugunda, auzeni musanalowe m'chipinda chopimiramo.