Chapha giyabokosi yanu ndi rediyeta, yambani ndi imeneyo

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati pikapu yanu ya otomatiki yayamba kulowa magiya mogwedeza, ikumanjenjemera mukafika pa 60 kapena 80, ndipo mutatsegula chivindikiro cha rediyeta mwapeza zoterera zapinki ngati mkaka wothira utoto. Amakanika anu akuti angokhetsa oyilo wa mu giyabokosi n'kuthira wina, basi zitha. Ndiye mukufunsa ngati zimenezo zikwanira, kapena muyambiretu kusaka giyabokosi ina.

Tisanapite patali, galimotoyo musailizenso. Ngakhale garaja ili pafupi bwanji, ipite itanyamulidwa pa bulekidauni. Nthawi iliyonse imene injini ikulira, pampu ya mu giyabokosi ikuzunguza madziwo m'timipata tonse ta m'kati, ndipo zimene zikanapulumuka dzulo mawa zikhala zitapita.

Kusintha oyilo kokha sikukwanira. Ngati amakanikawo sanatchule n'komwe rediyeta, ndiye kuti vutoli sanalimvetse, chifukwa oyilo watsopanoyo adzasanduka wapinki pasanathe masiku.

Ambiri sadziwa kuti m'galimoto zambiri za otomatiki oyilo wa giyabokosi, amene timati ATF, amadutsa m'kati mwa rediyeta. Suzumirani kunsi kwa rediyeta yanu. Kuwonjezera pa mapaipi awiri akuluakulu a rabala amene amanyamula madzi a injini, muona timapaipi tina tiwiri ting'onoting'ono tolowa m'thanki ya m'munsi, kapena ya m'mbali pa marediyeta ena. Timeneto tachokera ku giyabokosi. M'kati mwa thankimo muli kachitsulo kamphako, cooler, komira m'madzi a rediyeta. Oyilo wotentha amalowa mbali imodzi, amasiya kutentha kwake m'madzimo, n'kutulukira mbali inayo kubwerera ku giyabokosi. M'mawa kukazizira zimachitika mosemphana, madzi a injini ndi amene amafulumira kutentha, ndiye amathandiza oyiloyo kufunda msanga. Nzeru yake ndi yabwino ndithu. Kungoti pakati pa madzi ndi oyilo pali khoma lopyapyala la chitsulo ndi timasilu basi. Khomalo likang'aluka, kapena silu ikatha, kapena polumikizira pakadyeka ndi dzimbiri, zinthu ziwiri zimene siziyenera kukumana zimakumana, ndipo pansi simuona dontho ngakhale limodzi chifukwa zonse zikuchitikira m'kati.

Chimene chimapweteketsa n'chakuti kutayikirako kumapita mbali zonse ziwiri. Injini ikamalira, nthawi zambiri pulesha ya oyilo m'timapaipi tija imaposa ya madzi, ndiye ATF amalowa m'rediyeta. Zapinki mwaziona zija ndi zimenezo. Mukangozimitsa injini, pampu ya giyabokosi imaima ndipo pulesha ya oyilo imagweratu. Koma madzi a mu rediyeta amakhala akadali otentha, chivindikiro chikuwasungira pulesha ya pafupifupi 1 bar mpaka atazizira. Pa nthawi imeneyo madziwo ndi amene amakankha, kulowa pa mng'alu womwe uja kupita ku giyabokosi. Inu muli m'nyumba mukuti galimoto yapuma, iyo ikumwa madzi.

Ndiye madzi amawononga chiyani m'menemo? Giyabokosi ya otomatiki imasintha magiya pogwiritsa ntchito timapuleti ta kilatchi tambirimbiri tosanjikizana, tomira mu oyilo. Puleti iliyonse ndi chitsulo chomatidwa ndi kachikopa konga pepala, ndipo kachikopako ndi kamene kamagwira. Kanapangidwa kuti kazikhala mu oyilo moyo wake wonse, koma kamayamwa madzi msanga. Kakayamwa kamafufuma, guluu amene anakamata pachitsulo amafooka, kenako kamayamba kusupuka n'kumanyenyeka. Zinyenyeswazo zimatseka fyuluta ndi timipata ta mu valve body, chipangizo cha timavavu toongolera oyilo posintha magiya. Pomwepo dzimbiri limagwira timavavu, masolenoidi (timavavu toyendera magetsi) ndi maberingi, pamene oyilo wosakanikirana ndi madzi ndi glycol (mankhwala a mu kulanti, madzi oziziritsa injini aja) sathanso kutereretsa zitsulo mmene amayenera. Kunjenjemera kumene mukumva pa liwiro lapakati kuja kawirikawiri kumachokera mu torque converter, chipangizo chodzaza oyilo chimene chimalumikiza injini ndi giyabokosi. Muli kilatchi imene imagwira galimoto ikakhazikika pa liwiro, ndipo ikanyowa imagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, mpaka chiwongolero ndi mpando zimachita kunthunthumira.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi amakanika anu. Puleti imene yayamba kusupuka sibwereranso ngakhale muthire oyilo wodula bwanji. Komanso kukhetsa pa sampu, beseni la oyilo la pansi pa giyabokosi, sikutulutsa oyilo yense. Giyabokosi ya pikapu yotenga malita pafupifupi 10, mukamasula bawuti ya pansi mumatuluka osakwana theka. Wotsalayo amakhala mu torque converter, m'mapaipi ndi m'timipata, ndipo madzi ali momwemo.

Simunanene mtundu wa galimoto yanu, koma nkhaniyi inatchuka kwambiri ndi Nissan ku America. Frontier, Pathfinder ndi Xterra za otomatiki za zaka za 2005 mpaka 2010, zokhala ndi giyabokosi ya magiya asanu ya RE5R05A, zinavutitsa anthu mpaka eni ake anapatsa vutoli dzina lakuti strawberry milkshake of death, kutanthauza mkaka wapinki wakupha. Mu 2010 kampaniyo inawonjezera waranti ya rediyeta kufika zaka 8 kapena mamailosi 80,000. Eni galimoto anakasuma pagulu, ndipo mu 2012 panakhala mgwirizano wofikitsa warantiyo pa zaka 10 kapena mamailosi 100,000, koma mwini galimoto akulipirako: madola 2,500 ngati yafa itadutsa zaka 8 kapena mamailosi 80,000 koma isanapitirire zaka 9 kapena mamailosi 90,000, ndi madola 3,000 kupitirira pamenepo. Taonani, madola 3,000 ndi gawo la mwini galimoto lokha, ndiye ganizirani ntchito yonseyo. Bungwe la North Carolina Consumers Council linapempha NHTSA, nthambi ya boma yoona za chitetezo cha galimoto kumeneko, kuti ifufuze, koma mu 2016 nkhaniyo inatsekedwa popanda kulamula kuti galimotozo ziitanidwe kukakonzedwa. Mawaranti onsewo anatha kale, ndiye amene ali nazo lero akudzionera okha. Chinawonjezera ululu pa giyabokosi imeneyi n'chakuti kompyuta yake, TCM, ili m'kati momwemo pamodzi ndi valve body. Madzi akaifika, galimoto ikhoza kukana ngakhale kulira, munthu n'kumataya ndalama pa batire ndi sitata.

Koma asakunamizeni kuti ndi matenda a Nissan yokha. Eni Toyota 4Runner za 1996 mpaka 2002 amalidziwa bwino vutoli marediyeta awo akakalamba, ndipo pa Honda Ridgeline zoyambirira dzimbiri limadya polumikizira timapaipi tija mpaka kumasuka. Galimoto iliyonse imene ATF wake amadutsa m'rediyeta ikhoza kuchita zimenezi. A manyuwo angagone tulo pa nkhaniyi.

Musanagule kanthu, tsimikizani kaye kuti ndi zimenezidi, poti gasiketi ya hedi kapena cooler ya oyilo wa injini nazonso zimasakaniza oyilo ndi madzi. Solorani dipisitiki ya injini ndipo yang'anani kunsi kwa chivindikiro chothirira oyilo. Ngati oyilo wa injini ali bwinobwino, wakuda kapena wabulauni mwa masiku onse, mwina kumeneko kulibe mlandu. Kenako solorani dipisitiki ya giyabokosi (pa Nissan zija inamangidwa ndi kabawuti, musadabwe ikakana kusoloka ndi dzanja) n'kupukutira pa kapepala koyera. ATF wabwino nthawi zambiri amakhala wofiira ndipo amaonekera mkati. Wokalamba amada n'kumanunkha zopserera, koma amaonekerabe. Wolowa madzi amachita mbuu, wapinki woyererako, nthawi zina ndi thovu. Ngati mukukayika, donthezani pang'ono pa chitsulo chotentha bwino. Oyilo yekha amangofuka utsi, koma wokhala ndi madzi amathetheka. Magalimoto ena atsopano alibe dipisitiki ya giyabokosi, pamenepo amakanika amasule pang'ono bawuti ya sampu galimoto itagona usiku wonse. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, ndiye ngati alimo ambiri amayamba ndi iwo kutuluka.

Zikatsimikizika, rediyeta ichoke. Osaimata, osaiwotcherera, osagula yakale ya pa galimoto yophwasulidwa ya zaka zomwezo, chifukwa mukhala mutagula vuto lomwelo. Poyerekeza ndi giyabokosi, rediyeta yatsopano ndi yotsika mtengo kwambiri, pamenepa musaumire. Mbali ya injini nayo itsukidwe kangapo mpaka madzi azituluka oyera opanda mafuta pamwamba, kuphatikizapo kathanki kapulasitiki ka pambali ndi hita. Finyani mapaipi a rabala. ATF amafewetsa rabala yopangidwira madzi, ndiye paipi imene yafufuma kapena yafewa kwambiri isinthidwe isanakuphulikireni pa msewu. Chivindikiro cha rediyeta ndi thermostat musinthiretu.

Kenako amakanika atsitse sampu ya giyabokosi, inu mulipo, muone ndi maso anu. Pansi pa sampu pamakhala maginito. Kaphulusa kakuda kosalala pa maginitopo ndi ka masiku onse, musachite nako mantha. Koma mukaona tizidutswa tabulauni kapena takuda tonga timakoko, tomwe mukatifikisa pa zala tikunyenyeka, amenewo ndi mapuleti anu a kilatchi. Mukaonanso dzimbiri pa valve body, dziwani kuti madziwo sanalowe dzulo.

Ngati sampu ili yoyera ndipo galimoto inali isanayambe kuvuta magiya, mwayi ulipo. Amasintha fyuluta, amatsuka mapaipi ndi cooler yakunja ngati ilipo, n'kusintha oyilo mobwerezabwereza, kuthira, kuliza pang'ono, kukhetsa, mpaka atamatuluka wofiira woonekera. Pamapita malita ambiri, ndipo akhale ATF wa mtundu umene buku la galimotoyo likunena, osati aliyense wofiira. Ena zimawayendera n'kukhala zaka. Ena galimoto imayenda bwino miyezi ingapo kenako magiya n'kuyamba kutaya, chifukwa guluu uja anafooka kale. Palibe makanika woona mtima amene angakulonjezeni pamenepa.

Koma kwa inuyo, achimwene, ndisakubisireni. Mwati ikugwedeza kale komanso ikunjenjemera, ndiye kuti madzi afika pa makilatchi. Ine ndikanakonzekera zoti giyabokosiyo itsitsidwe. Kutsuka mukhoza kuyesa ngati sampu yaoneka bwino, koma ikani malire, musathire malita 30 a ATF m'chinthu chimene sampu yake yakuuzani kale kuti chatha. Ikatsitsidwa, asinthe mapuleti onse a kilatchi, masilu ndi fyuluta, ayeze masolenoidi, ndipo torque converter isinthidwe kapena ing'ambidwe kwa odziwa ntchitoyo, poti yotsekedwa momwemo siitsukika bwino. Mukasankha kugula giyabokosi yakale, muitsegule sampu musanalipire, ndipo manambala ake agwirizane ndi yanu, chifukwa zooneka zofanana kunja zimasiyana magiya ndi kompyuta malinga ndi chaka ndi injini. Ndipo chonde, giyabokosi yatsopano isalumikizidwe ku rediyeta yakale kapena ku mapaipi osatsuka. Zimachitika, munthu n'kulipira kawiri.

M'makomenti ndaona ena akuti ingodutsitsani mapaipi kunja, oyilo asamalowenso m'rediyeta. Njira imeneyo ilipodi, ndipo eni Nissan zija ambiri anachita zomwezo popeza galimoto zawo zinabwera kale ndi cooler ina yoziziritsa ndi mphepo kutsogolo kwa rediyeta. Ubwino wake ndi woonekeratu, madzi ndi oyilo sizidzakumananso. Koma ili ndi mtengo wake. Cooler ya mphepo imadalira liwiro ndi fani. Mukamakwera phiri pang'onopang'ono mutasenza katundu kapena mukukoka ngolo, ndi pamene giyabokosi imatentha kwambiri komanso ndi pamene mphepo imachepa. Kumalo ozizira kwambiri oyilo amachedwanso kufunda. Ngati pikapu yanu ndi yogwira ntchito yolemera, ine ndingasankhe rediyeta yatsopano yabwino mapaipi ali m'malo mwake, kapena cooler yakunja yaikulu yokhala ndi geji yoonetsa kutentha kwa ATF. Chimene sindingavomereze ndi kulumikiza timapaipi tiwiri tija pamodzi popanda cooler iliyonse. Mukatero mwapulumutsa giyabokosi ku madzi n'kuipereka ku moto. Komanso kwa inu kudutsitsa kunja sikuchiritsa zimene zalowa kale, kumathandiza amene galimoto zawo zisanadwale.

Enanu amene mukuwerenga muli ndi mapikapu a otomatiki opitirira zaka khumi pa rediyeta yobadwa nayo, muziyang'ana m'kathanki ka madzi injini itazizira, osatsegula chivindikiro ikadali yotentha. Madzi akamatsika popanda potayikira pooneka, pamene oyilo wa giyabokosi akukwera pa dipisitiki, musadikire kuti muone pinki. Kulanti muzisintha pa nthawi yake, chifukwa mankhwala oletsa dzimbiri amene ali mmenemo amatha mphamvu, ndipo madzi wamba okha amadya chitsulo cha cooler mwakachetechete.

Achimwene, tiuzeni mtundu wa pikapuyo, chaka chake, ndi makilomita amene mwayenda chiyambireni kumva kugwedezako. Mukatsitsa sampu jambulani m'kati mwake ndi maginito muponye pano, tione ngati kutsuka kungaphule kanthu.