Funsani Adokotala: Akuti mwana wanga ali ndi bowo mu mtima

Mwezi uno makalata angapo abwera ndi nkhani imodzi, ya ana odwala mtima, ndiye ndangowaika pamodzi. Maina sitilemba monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Adokotala ndithandizeni chonde, mwana wanga wamwamuna ali ndi miyezi 4 koma kayamwidwe kake kamandimvetsa chisoni, amangoyamwa pang'ono n'kusiya thukuta lili kamukamu pachipumi, kupuma mothamanga mpaka nthiti kumalowa mkati. Kusikelo mzere wake sukukwera. Tagonekedwa kawiri akuti chibayo, ulendo wachiwiriwu ndi pomwe adokotala ena anamvera pamtima n'kutitumiza ku Central komwe anamuunika n'kunena kuti ali ndi bowo mu mtima, m'buku analemba kuti VSD. Anatipatsa Lasix. Kunyumba apongozi akuti ndi tsempho, eti bambo ake anayenda njira ina mwana tisanamutengere kumphasa, pano m'nyumba sitikuyankhulana bwino. Kodi bowoli lingatsekeke? Mwana wanga akhala moyo? Ndine mayi wa ku Chinsapo, Lilongwe.

YANKHO: Mayi pepani kwambiri, ndipo mwachita bwino kulemba. Ndiyambe ndi za tsemphozo chifukwa zikukugawanitsani nthawi imene mwana akufuna nonse awiri. Mtima wa mwana umapangika m'masabata 8 oyambirira a mimba, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima, ndiye bowoli mwana anabadwa nalo, palibe chimene inu kapena bambo ake anachita iye atabadwa chomwe chingaboole mtima. Apongozi akuona zoona kuti mwana sakukula, koma chifukwa chake n'choti mphamvu zake zikuthera popuma ndipo akumatopa asanakhute. Ulendo wina atengeni apongoziwo akaone okha pa sikirini.

Simuli nokha ayi. Mwa ana 100 alionse obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo VSD ndi yomwe imapezeka kwambiri. Kafukufuku wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre pa ana 250 a kukiliniki ya mtima, yemwe anatuluka mu 2013, anapeza kuti oposa theka anali ndi matenda obadwa nawo ndipo VSD ndiyo inali patsogolo. Zina zomwe zimakweza chiopsezo ndi mayi kudwala rubella (matenda ofanana ndi chikuku) ali woyembekezera, shuga wosasamalidwa, mankhwala ena a khunyu, komanso Down syndrome (vuto lobadwa nalo lochedwetsa kakulidwe ka thupi ndi nzeru), pafupifupi theka la ana a Down amakhala ndi vuto la mtima. Koma ana ambiri amabadwa nalo popanda chilichonse mwa izi.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri m'mwamba ziwiri m'munsi, ndiye VSD ndi bowo pa khoma lolekanitsa zam'munsizo. Magazi omwe achoka kale kumapapo, m'malo mopita kuthupi ena amadutsira pabowopo n'kubwereranso kumapapo, mapapo n'kumadzadza, n'chifukwa chake befu ndi chibayo chosatha. Lasix amachotsa madzi kuti mwana apume bwino, musadumphitse, koma satseka bowo.

Tsopano funso lanu. Mabowo ang'onoang'ono ambiri amatsekeka okha m'zaka zoyambirira popanda kuchita chilichonse. Koma ndisakunamizeni, mwana amene akutuluka thukuta poyamwa, sikelo osakwera, kugonekedwa kawiri, nthawi zambiri bowo lake limakhala lalikulu, ndipo lalikulu limafuna opaleshoni. Mukapita kukiliniki funsani mosaopa kuti bowolo ndi lalikulu bwanji, ndipo ngati pakufunika opaleshoni ikufunika pofika liti. Magazi akamathamangira kumapapo mwamphamvu kwa nthawi yaitali, mitsempha ya m'mapapo imalimba n'kupanikizika ndipo ikafika pena siibwereranso, mpaka madokotala amakana kutseka bowo chifukwa kutsekako kungamuphe mwanayo, amati Eisenmenger. Chimene chimandipweteka mtima n'choti zimenezi zikamayamba mwana amaoneka ngati wapeza bwino, befu limachepa, chibayo chimasiya, makolo n'kusangalala kuti mapemphero ayankhidwa n'kusiya kupita kukiliniki, akamadzabwera ali ndi zaka 7 milomo itayamba kuda, mwayi unapita kale. N'chifukwa chake komwe zipangizo zilipo bowo lalikulu amalitseka mwana asanathe chaka.

Likatsekedwa nthawi yabwino ana amenewa amakula, kusewera mpira, kudzakhala ndi mabanja awo. M'mayiko olemera ana 9 mwa 10 obadwa ndi vuto la mtima amafika pa ukulu, moti pano kumeneko akuluakulu okhala ndi matendawa achuluka kuposa ana. Koma kafukufuku wa dziko lonse yemwe anatuluka mu 2020 anawerengera kuti mu 2017 mokha matendawa anapha anthu pafupifupi 260,000, ambiri mwa iwo makanda osakwana chaka, ndipo imfa zinatsika kwambiri kumayiko olemera pomwe kumayiko osauka sizinasunthe kwenikweni. Mabowo ndi omwewo, chosiyana ndi kupezeka msanga komanso opaleshoni. Ana athu ambiri ofuna opaleshoni yotsegula mtima amapita kunja, makamaka ku India, ndipo pafupi nafe Jakaya Kikwete Cardiac Institute ku Dar es Salaam imachita maopaleshoni a ana. Mzere ndi wautali, ndiye dzina la mwana lilembedwe msanga, nambala ya foni imene mwasiya kuchipatala ikhale yogwira, olo mutasamuka auzeni. Pitirizani kuyamwitsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, alandire katemera yense, ndipo pemphani a zakudya kuchipatala akuthandizeni, mwana yemwe ali ndi thupi amapirira opaleshoni kuposa wonyentchera.

FUNSO: Ine ndikuphunzira unamwino, ndamva kuti kunja khanda lililonse amaliyeza ndi ka pulse oximeter, kamakina koyeza okosijeni m'magazi, lisanatuluke ku matenite kuti aone za mtima. Zimathandizadi kapena ndi za azungu basi? Wophunzira, Zomba.

YANKHO: Zimathandiza achemwali, ndipo umboni wake ndi wamphamvu. Pa ana obadwa ndi vuto la mtima, mmodzi mwa anayi ali ndi mtundu woopsa wofuna thandizo chaka choyamba, ena masiku oyambirira enieni. Ambiri amabadwa akuoneka bwinobwino chifukwa kamtsempha kaja ka ductus kamene kamagwira ntchito mwana ali m'mimba kamakhala kadakali kotseguka n'kumamuthandiza, kakatsekeka patapita masiku angapo ali kale kunyumba, amangosintha mwadzidzidzi, kusiya kuyamwa, kuzizira, akamafika naye kuchipatala zinthu zitaipa. Ku Sweden anayeza makanda pafupifupi 40,000 zotsatira n'kutuluka mu 2009, ku Britain makanda 20,000 mu 2011, konseko anapeza kuti kuyeza okosijeni kudzanja lamanja ndi kuphazi kumagwira ana amene maso ndi stethoscope zikanawaphonya. America inavomereza kuyezaku mu 2011, ndipo kafukufuku wa 2017 anaonetsa kuti m'zigawo zomwe zinakhazikitsa lamulo loyeza, imfa za makanda za mtundu woopsawo zinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kuyeza kwabwino ndi mwana akatha maola 24, nambala ikakhala pansi pa 90 ndi zachangu, ikamakakamira pansi pa 95 kapena dzanja ndi phazi zikamasiyana kwambiri aonedwe ndi dokotala. Kwa ife phindu lina n'loti kuyeza komweku kumagwiranso chibayo ndi sepsis, matenda oopsa a tizirombo tolowa m'magazi.

Koma kamakinaka sikagwira bowo ngati VSD chifukwa okosijeni amakhala bwino, komanso pa khungu lakuda kamatha kuonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, izi anazionetsa ku Michigan mu 2020 pa odwala akuluakulu. Ndiye musasiye kuyang'ana lilime ndi nkhama, ndipo zolowerani kugwira m'mphechepeche mwa khanda lililonse kuti mumve kugunda kwa magazi.

FUNSO: Mdzukulu wanga wa zaka 3 akangothamanga pang'ono amanyonyomala pansi, milomo ndi lilime zimada, nsonga za zala zake ndi zofufuma. Tsiku lina analira m'mamawa mpaka kukomoka, anthu akuti ndi khunyu koma ine ndikukayika. Agogo aakazi, Mulanje.

YANKHO: Agogo, mwana sayezedwa pa kalata, koma zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi vuto lotchedwa Tetralogy of Fallot, ndiye pitani naye kuchipatala sabata ino mukafotokoze ndendende mmene mwandifotokozeramu, mupemphe kuti amutumize ku Queens akamuunike mtima. Pa vutoli njira ya magazi yopita kumapapo imakhala yopanikizika komanso pali bowo, ndiye magazi opanda mpweya amalowa m'thupi, kuda kwa lilimeko n'kumeneko. Kunyonyomalako musamuletse kapena kumukalipira, thupi lake lapeza lokha njira yokankhira magazi kumapapo. Akayamba kuda ndi kubanika munyamuleni, mupinde miyendo yake mawondo agunde pachifuwa, mumutonthoze kuti asiye kulira, n'kuthamangira kuchipatala. Asamasowe madzi akumwa makamaka akatsegula m'mimba kapena akadwala malungo, magazi a ana amenewa amakhala okhuthala kale. Mano azitsuka tsiku lililonse, tizirombo ta m'mano owola timatha kulowa m'magazi n'kukakhazikika mu mtima.

Ana ngati mdzukulu wanuyu ndi amene anatsegulira njira ana ena ambiri. Mu November 1944 pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, Alfred Blalock anapatutsa mtsempha wopita kudzanja n'kuulumikiza ku wa kumapapo pa kamwana kakakazi, ganizo linachokera kwa dokotala wa ana Helen Taussig, ndipo amene anakonza njira yake mu labu n'kuima kumbuyo kwa Blalock kumamulangiza anali Vivien Thomas, munthu wakuda yemwe analibe digiri ya udokotala. Masiku ano amakonza zonse, kutseka bowo ndi kukulitsa njira, ndipo ana ambiri amachita bwino. Cholimbitsa mtima n'choti pa vuto ili mapapo sawonongeka ngati pa VSD yaikulu ija, ndiye zaka 3 simunachedwe ayi.

FUNSO: Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka 12, amabanika, miyendo imatupa, ndipo amabayitsa jakisoni mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti anabadwa nalo? Wa ku Mchinji.

YANKHO: Ayi, jakisoni wa mwezi ndi mweziyo akusonyeza kuti ndi rheumatic heart disease, imene mwana amabadwa bwinobwino koma zilonda zapakhosi zobwerezabwereza zosalandira penisilini zimapangitsa chitetezo cha thupi kuwononga mavavu a mtima. Kuno ndi yochuluka, ataunika ana 1,450 ku Lilongwe anapeza ana oposa 3 mwa 100 ali nayo mobisika. Ku Gulu ku Uganda kafukufuku yemwe anatuluka mu 2022 anaonetsa kuti mwa ana otere omwe ankabayitsa penisilini mwezi uliwonse, osakwana mmodzi mwa 100 ndi amene matenda anakula m'zaka ziwiri, pomwe mwa osabayitsa anali 8 mwa 100. Jakisoniyo amawawa ndikudziwa, koma asadumphe olo mwezi umodzi, ndipo kutupa miyendoko akakunene kukiliniki msanga.

FUNSO: Mwana wathu anapangidwa opaleshoni ya mtima ku India ali wakhanda, tikuthokoza Mulungu ali bwino, pano ali sitandade 3 koma kusukulu sizikuyenda, amaiwalaiwala, sakhazikika, aphunzitsi akuti ndi ulesi. Ku cheki tinasiya kupita poti sadwala. Komanso mayi ake akuopa kutenganso pathupi. Bambo wa ku Kasungu.

YANKHO: Bambo, mwanayo musamumenye, mwina si ulesi. Kale ofufuza ankangowerenga kuti ana angati apulumuka, koma ana atayamba kukula anayamba kufunsanso kuti akukhala moyo wotani. Ku Boston kuyambira 1988 anatsatira makanda 171 omwe anapangidwa opaleshoni ya mtima mpaka atakwana zaka 16, anapeza kuti ambiri nzeru zawo zili bwino, koma ochuluka kuposa anzawo ankavutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kukonza ntchito mwadongosolo, ndipo ambiri ankafuna thandizo lapadera kusukulu. N'chifukwa chake mu 2012 American Heart Association inalangiza kuti mwana amene anatsegulidwa mtima ali wakhanda aziunikidwanso kakulidwe ndi kaphunziridwe, osati mtima wokha. Kakumaneni ndi aphunzitsi muwafotokozere mbiri yake, azikhala kutsogolo, azimuuza chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo akamuyeze makutu ndi maso chifukwa nthawi zina vuto limangokhala pamenepo.

Ku cheki bwererani, mutenge mapepala onse a ku India aja. Mtima wokonzedwa umafuna kuonedwa moyo wonse, mavavu amatha kuyamba kudontha kapena kagundidwe kusokonekera patapita zaka mwana asakumva kanthu.

Kwa mayi akunyumba, mantha awo ndi omveka, koma banja likakhala ndi mwana mmodzi wotere mwayi woti wotsatira abadwenso ndi vuto la mtima ndi pafupifupi 2 kapena 3 mwa 100, kutanthauza kuti ambiri zedi amabadwa bwino. Asanatenge pathupi akayezetse shuga, ayambe kumwa folic acid, ndipo ngati pali mankhwala omwe amamwa tsiku ndi tsiku akawaonetse kwa dokotala. Akayamba sikelo anene za mkuluyo tsiku loyamba lomwe zilembedwe m'buku, kuti khandalo likabadwa aliyeze okosijeni ndi kumvera pamtima musanatuluke.