Mkamwini wanga amathera Lamulungu ku baseball: timu yakeyo ndiyitsate bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene akukhala kwa mwana wawo m'katauni kena kufupi ndi St. Cloud, m'boma la Minnesota ku America. Ndayidula pang'ono, koma mutu wake ndi uwu:

"Mkamwini wanga ndi mbadwa ya konkuno, ali ndi zaka 34, amagwira ntchito ya zamagetsi ndipo ali ndi ana awiri. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, Lamulungu lililonse akangotuluka m'tchalitchi amavala yunifomu n'kupita kukasewera baseball. Salandirako ngakhale tambala. Mwana wanga akuti chaka chino ndizipita nawo. Ndinapitako kamodzi, ndinangoona anthu ataimirira padzuwa kwa maola atatu. Kodi amenewa ndi masewera enieni, kapena ndi njira yozembera ntchito zapakhomo? Nanga ndikati ndiyitsate timuyi, ndiyambire pati?"

Mayi, funso loyambalo ndiliyankhe msanga: ndi masewera enieni, ndipo kuzemba ntchito kulimo pang'ono. Zonse ziwiri n'zoona. Chimene mkamwini wanu amasewera kuno amachitcha town ball, ndipo dera limene mukukhalalo ndi kuchimake kwake. Minnesota ili ndi matimu otere oposa 250, a anthu akuluakulu ogwira ntchito zawo, osalipidwa, ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la Minnesota Baseball Association. Chikho cha boma lonse chinayamba mu 1924. Cha m'ma 1950 matimu anafika pafupifupi 800, matauni ena mpaka ankalipira osewera ochokera kutali, ndalama n'kuwathera. Kenako kunabwera TV, achinyamata anayamba kusamukira m'mizinda, ndipo mu 1961 timu yaikulu ya Minnesota Twins inafika, anthu n'kupeza baseball ina yoonera. Matimu ambiri anafa. Amene anatsala ndi a m'malo ouma mutu ngati Stearns County kwanuko, komwe midzi ya Akatolika ochokera ku Germany monga Farming, Lake Henry, St. Martin, Spring Hill, Elrosa ndi Meire Grove ili ndi tchalitchi, bala ndi bwalo la baseball, basi. Mukafunsa bwino mupeza kuti bambo ake a mkamwini wanu anavalapo yunifomu yomweyo, mwinanso agogo ake.

Tsopano za maola atatu aja. Baseball ili ngati bawo: wodutsa amaona anthu angokhala, pomwe amene akusewera mutu ukuwira. Vuto ndi lakuti inu mumayang'ana bwalo lonse, monga timachitira ndi mpira wamiyendo. Musatero. Yang'anani anthu atatu okha: woponya amene waima pakachulu pakati, womenya amene wagwira ndodo, ndi wowakha amene wanjuta kumbuyo kwake atavala zotchinga kumaso. Pakati pa woponya ndi womenya pali mamita 18 okha. Woponya akaponya mpira wabwino womenya n'kuuphonya kapena kuusiya, imeneyo ndi strike. Zikakwana zitatu womenya watuluka. Akaponya mokhota womenya n'kuusiya, imeneyo ndi ball. Zikakwana zinayi womenya amayenda ulele kupita pa besi yoyamba. Mabesi alipo anayi, atalikirana mamita 27, ndipo wozungulira onse n'kubwerera pomwe anayambira wapatsa timu yake run imodzi, chomwe ndi chigoli chawo. Anthu atatu akatuluka matimu amasinthana, omenya amakagwira, ogwira amakamenya. Matimu onse akamenyapo, inning imodzi yatha, ndipo amasewera 9. Wotchi palibe. N'chifukwa chake nsima ya madzulo musaiyikire nthawi. Chokupulumutsani n'chakuti timu ina ikatsogola ndi ma run 10 pofika inning ya 7, oyimbira amathetsa masewero.

Pa bolodi pamakhala timanambala tiwiri, ta ball ndi strike. Tizoloŵereni timeneto. Pakakhala 3 ndi 0, woponya ali m'madzi, ayenera kuponya pakati penipeni ndipo womenya akudziwa. Pakakhala 0 ndi 2, womenya ndiye ali pamoto, ndipo wowakha amatambasula zala pakati pa miyendo kuuza mnzake kuti aponye wokhota, wogwera m'dothi, kuti amunyenge. Mukayamba kulosera nokha chimene chikubwera, maola aja amafupika.

China choti mudziwe kuti musamuchitire manyazi mkamwini wanu: m'masewera amenewa kulephera ndiye chizolowezi. Womenya amene amafika pa besi ndi mpira womenya bwino katatu pa maulendo khumi amatengedwa kuti ndi katswiri. Mukamuona akubwerera ku benchi atazyolika kawiri katatu, sikuti ndi mbuli. Ndodo zake ndi zamtengo, osati zachitsulo, ndipo akamenyera kufupi ndi manja zimathyoka, iye n'kukagula ina ndi ndalama ya m'thumba mwake. Mwana wanu nkhani imeneyo akuidziwa bwino.

Koma funso lanu lenileni ndi la sizoni yonse, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Timu ya akatswiri umayitsata poona luso. Timu ya town ball umayitsata poona zinthu ziwiri: ndani wabwera lero, ndipo mkono wa ndani udakali ndi moyo.

Sizoni imayamba kumapeto kwa Epulo kapena kuchiyambi kwa Meyi, chisanu chitangosungunuka, bwalo lidakali chinyontho. Tengani bulangete, ndikunenetsa. Masewero a nthawi imeneyi musawawerengere. Anyamata a ku koleji amakhala asanabwere, alimi ali kalikiliki kudzala chimanga ndi soya, ndipo pakati pa Meyi pali Loweruka lotsegulira usodzi, limene kwa anthu a ku Minnesota ndi ngati tsiku lachikondwerero cha dziko. Manijala, amene nthawi zambiri ndi wosewera mnzawo wokulirapo, amathera Loweruka usiku pa foni kusaka munthu wachisanu ndi chinayi woti timu ikwane. Mudzaona bambo wa zaka za m'ma 40, mimba patsogolo, ataimikidwa kumanja kwa bwalo kumene mipira siipitapita, aliyense akupemphera kuti usamupeze. Timu ikagonja masewero atatu otsatizana mu Meyi, palibe amene amasowa tulo.

Juni ndiye mwezi umene timu imaoneka nkhope yake. A ku koleji afika, ndipo mwadzidzidzi pakachulu paja paima mnyamata wa zaka 20 amene mpira wake umalira ukamalowa m'gulovu. Apa muyambe kusunga mayina a oponya. Munthu akaponya mipira yoposa 100 Lamulungu, mkono wake umafuna masiku angapo kuti ubwerere, ndipo ameneyu Lolemba m'mawa akukwera makwerero kapena kukama ng'ombe. Timu yokhala ndi woponya wabwino mmodzi imatha kuoneka yoopsa pamene ikusewera kamodzi pa sabata. Mvula ikagwa masewero n'kuunjikana, Lachisanu usiku, Loweruka ndi Lamulungu, chinsinsi chimaululika. Ine ndikafuna kudziwa ngati timu ipite patali sindifunsa za woponya woyamba. Ndimafunsa za wachitatu.

Julayi amabwera ndi kutentha, udzudzu wa madzulo, maukwati ndi tchuthi cha pa 4 chokumbukira ufulu wa dziko. Ukwati umodzi wa wosewera ukhoza kuchotsa theka la timu, ndipo amene abwera mawa lake amabwera maso ali psuu. Koma ndi mwezi womwewu pamene ligi imathera, ndipo malo amene timu yathera ndiwo amanena kuti ikumana ndi yani m'ndime yachipulula. Masewero ndi mudzi woyandikana nawo musaphonye. Osewera a mbali zonse anaphunzira sukulu imodzi, ena ndi pachibale, ena anakwatirana alongo, ndiye mawu amene amaponyerana kuchokera ku benchi amakhala okhudza mbiri ya zaka makumi. Akatha amakamwera limodzi.

Kumapeto kwa Julayi ndi kuchiyambi kwa Ogasiti kumakhala chipulula cha ligi, kenako cha chigawo, ndipo opambana amapita ku state, kutanthauza chikho cha boma lonse. Chimaseweredwa kumapeto a sabata angapo, m'matauni ang'onoang'ono amene amasinthana chaka ndi chaka, n'kutha cha pa tchuthi cha Labor Day, chimene chimakhala Lolemba loyamba la Seputembala. Matimu amagawidwa m'magulu A, B ndi C kuti kamudzi ka anthu 300 kasalimbane ndi timu ya mumzinda wodzaza osewera akale a ku koleji. Pali lamulo limodzi limene ndimalikonda kwambiri: timu yopita ku state imaloledwa kubwereka oponya angapo kuchokera ku matimu a m'chigawo chake amene atuluka. Ndiye munthu amene anakugwetsani misozi mu Julayi, mu Ogasiti akuponyera inu, atavala yunifomu ya kwawo pakati pa anzake ovala zina, ndipo masapota amene ankamukuwiza akumuimbira m'manja. Ngati mkamwini wanu ndi woponya, sizoni yake ikhoza kupitirira ngakhale timu yake itagwa. Muchenjeze mwana wanu asakonze ulendo wa pabanja mu Ogasiti.

Musaganize kuti poti salipidwa ndiye kuti luso palibe. Jim Eisenreich, mwana wa ku St. Cloud komweko, anasiya Minnesota Twins mu 1984 chifukwa cha matenda a Tourette, n'kubwerera kwawo kukasewera baseball ya anthu wamba yomweyi. Mu 1987 anabwerera ku ligi yaikulu ndi Kansas City Royals, ndipo mu 1997 anatenga World Series, chikho chachikulu cha ligiyo, ndi Florida Marlins. Otere ndi ochepa, inde. Ambiri ndi aphunzitsi, amakaniki ndi ogulitsa inshuwalansi amene ankasewera bwino ku sekondale.

Nanga inu muyambire pati? Langizo langa ndi lakuti musapite ngati mlendo wodzaonerera. Pezani ntchito. Mabwalo amenewa saasamalira a boma ayi, ndi anthu a m'mudzimo. Mukafika ola limodzi masewero asanayambe mupeza osewera omwewo akukokera chitsulo pa dothi kuti lisalale, wina akuthira madzi ndi paipi, wina akujambula mizere yoyera ndi laimu. Mitambo ikada, onse amathamangira kukakoka chilona chophimba pakachulu. Kukashopu ka pabwalo kumakhala amayi ndi azibambo akuwotcha ma hamburger ndi masoseji, akugulitsa mowa wa m'zitini, ndipo ndalama imeneyo ndiyo imalipira oyimbira, mipira ndi magetsi. Mpira ukathawira kunja kwa bwalo, ana amauthamangira n'kukaubweza kukashopuko kuti alandire kandalama kapena switi, chifukwa mpira uliwonse ndi ndalama. Adzukulu anu akhala m'gulu limenelo. Mukadzipereka kugulitsako Lamulungu limodzi, pofika madzulo mudzakhala mutadziwa mayi wa wosewera aliyense, ndi amene sayankhulana ndi mnzake.

Ntchito imene ingakuphunzitseni masewerawa msanga kuposa zonse ndi kulemba buku la zigoli. Pa bwalo lililonse pamakhala munthu, kawirikawiri mayi wachikulire kapena mkazi wa manijala, atakhala kuseri kwa waya ndi buku lamizeremizere ndi pensulo. Khalani pafupi naye. Malo aliwonse m'bwalo ali ndi nambala: woponya ndi 1, wowakha 2, a pa mabesi 3, 4 ndi 5, woima pakati pa besi yachiwiri ndi yachitatu 6, ndipo atatu akutali aja 7, 8 ndi 9. Womenya akatuluka ndi ma strike atatu amalemba K. Mukaona walemba 6-4-3 n'kumwetulira, ndiye kuti mpira wachoka kwa 6, wapita kwa 4, wafika kwa 3, ndipo anthu awiri atuluka nthawi imodzi. Matimu ambiri masiku ano amalembanso pa foni ndi pulogalamu ya GameChanger, ndipo ndandanda ya masewero amaika pa Facebook, koma ine ndimakondabe pepala. Pa foni umaona zimene zachitika. Papepala, pofika Julayi, umatha kutsegula masamba a m'mbuyo n'kuona wekha kuti mnyamata uja amamenyera kumanzere nthawi zonse, kapena kuti woponya wanu amayamba kutopa mu inning ya 6.

Pali nkhani ya ulemu imene mwina ikukuvutani ngakhale simunailembe. Kwathu mkamwini mukanamupatukira panjira. Kuno mukhala mamita ochepa kuchokera pomwe iye akutafuna njere za mpendadzuwa n'kumalavula makoko, nthawi zina akutukwana oyimbira chapansipansi. Khalani chakumtunda, kumbali ya benchi ya timu yake, osati kuseri kwenikweni kwa womenya. Kuchemerera n'kololedwa, ndipo nthungululu imodzi akamenya bwino idzakhala nkhani ya mudzi wonse sabata imeneyo. Chosaloledwa ndi kumufunsa m'galimoto pobwerera chifukwa chimene anaphonyera mpira uja. Akudziwa kale.

Mukazolowera, pemphani kuti tsiku lina akupititseni ku mabwalo otchuka a kum'mwera: Jack Ruhr Field ku Miesville, kamudzi ka anthu osakwana 200 komwe minda ya chimanga imayambira kuseri kwa mpanda, kapena Johnson Park ku New Ulm, kapena Mini Met ku Jordan. Masewero a usiku, magetsi atayaka, ndi amene ndingakusankhireni.

Za ntchito zapakhomo zija, mwana wanu ali ndi mfundo, ndipo musamutsutse. Miyezi inayi ya Lamulungu ndi yambiri kwa mayi wa ana awiri, makamaka poti masewero akatha osewera samwazikana msanga. Amakhala pa benchi ndi chibokosi cha mowa mpaka dzuwa kupendeka. Mabanja amene zimawayendera ndi amene anagwirizana poyera kuti Loweruka ndi la pakhomo, ndipo Seputembala akafika ngongole yonse ya udzu, utoto ndi ana imabwezedwa. Pa zaka 34 mawondo ayamba kale kumuuza zina, ndiye masewero omaliza akadzatha mudzamumva akunena kuti chaka chino chinali chotsiriza. Yunifomuyo musaipereke kwa osauka. Pali maligi a anthu a zaka 35 kupita m'tsogolo, ndipo iye akukwanitsa zaka zimenezo chaka chamawa.