Kodi amene si Myuda angapeze ndalama zophunzirira za Ayuda?

Achimwene, mwafunsa ngati munthu amene si Myuda, koma anaphunzira Chiheberi cha m'Chipangano Chakale kusukulu ya ubusa, angalandire ndalama zokapitirizira maphunziro a mbiri ndi chipembedzo cha Ayuda kunja. N'zotheka, malinga musiyanitse mitundu iwiri ya thandizoli.

Pali thandizo limene cholinga chake ndi kulera ana a mtundu wa Ayuda eniake. Masa Israel Journey, pulogalamu imene inayamba mu 2004, imathandiza achinyamata achiyuda a m'mayiko ena kukakhala miyezi ingapo ku Israel akuphunzira kapena kugwira ntchito. Kumeneko musatayeko nthawi, ndipo ndikukudandaulirani kuti musadzitche Myuda pafomu, chifukwa bodza lotere limaononga dzina lanu ndi la ena odzafunsira m'mbuyo mwanu.

Kenaka pali thandizo limene limayang'ana phunziro lenilenilo osati mtundu wa munthu. Paideia, sukulu ya ku Stockholm imene inakhazikitsidwa mu 2000, imalandira Ayuda ndi amene si Ayuda pa maphunziro a chaka chimodzi owerenga mabuku akale achiyuda, ngakhale kuti maso ake ali kwambiri pa anthu a ku Ulaya. Ku Germany, bungwe la Ernst Ludwig Ehrlich Studienwerk limathandiza ophunzira achiyuda, komanso limaganizira ena amene digiri yawo ya udokotala wa maphunziro (PhD) ikufufuza nkhani za Ayuda. Katz Center ya pa University of Pennsylvania imaitana akatswiri chaka ndi chaka pa mutu umodzi wosankhidwa, koma kumeneko n'kwa amene anamaliza kale udokotala.

Chimene ndikufuna muchimvetse kwambiri n'chakuti maphunziro a za Ayuda si maphunziro a Chipangano Chakale amene tinazolowera m'masukulu a mipingo. Ayuda sanaleke kulemba pamene Baibulo linathera. Mishnah, buku la malamulo achiyuda, inasonkhanitsidwa cha m'chaka cha 200 AD, mbali yaikulu ya Talmud, imene imatanthauzira Mishnah, ili m'Chiaramu, Maimonides, mphunzitsi wamkulu wachiyuda amene anamwalira mu 1204, analemba mabuku ake ena m'Chiarabu, ndipo Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya ankalankhula Yiddish. Oweruza mafomu akawerenga kalata imene ikuonetsa chipembedzo cha Ayuda ngati kalambulabwalo chabe wa Chikhristu, amadziwiratu kuti wolembayo sanalowe m'phunziroli. Chiheberi chanucho ndi maziko abwino ndithu, koma onjezanipo cha masiku ano, pakuti kafukufuku wambiri amalembedwa m'chimenecho.

Ine ndikadakhala inu, ndikadayamba ndi Kaplan Centre ya pa University of Cape Town, imene yakhala ikufufuza za Ayuda a kum'mwera kwa Africa kuyambira mu 1980, ndipo ndikadasankha mutu umene munthu wa kuno ali nawo mphamvu. Ganizirani za nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland: Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganyacho kuyambira 1956 mpaka 1963, bambo ake anali Myuda wochokera ku Lithuania, pamene Simon Zukas, Myuda wobadwira ku Lithuania komweko, anathamangitsidwa ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero) mu 1952 chifukwa cholimbana ndi ganizo lokhazikitsa Chitaganyacho limodzi ndi anthu akuda. Amene amamva zilankhulo zathu angathe kufunsa okalamba a ku migodi ya ku Zambia mmene ankakhalira ndi amalonda achiyuda. Lembani tsamba limodzi lofotokoza mutu wotere, mulitumize kwa mphunzitsi wa ku Kaplan Centre, ndipo mumufunse za ndalama za digiri yachiwiri musanayambe kudzaza mafomu.