Kodi utomoni woyera uliwonse ndi mpira?

Pa msonkhano wa alimi ku Ngabu, bambo wina anandifunsa kuti: "Alangizi, thombozi wa m'munda mwanga ndikamutema amatuluka mkaka woyera womata. Kodi si mpira umenewu? Ndingagulitse?" Mayi wina wa ku Bangula anawonjeza kuti anamva zoti ku Nkhata Bay anthu amadyera mitengo ya mpira, ndiye akufuna mbande.

Bambo, utomoni umenewu ndi chitetezo cha mtengo. Umakhala m'timitsempha ta m'khungwa, ndipo mtengo ukavulala umatuluka, kuuma, n'kutseka bala kuti tizilombo tisalowe. Thombozi, kachere, mkuyu, papaya ndi nkhadze zonse zili nawo, koma wa mtengo uliwonse uli ndi khalidwe lake. Wa thombozi ndi wa kachere ndi umene makolo athu ankapangira ulimbo wotchera mbalame, ndipo oimba ng'oma amamata wa thombozi pachikopa kuti ng'oma ilire bwino. Msika wake ndi wa pamudzi pomwepa. Musavulaze mitengo yanu poyembekeza ogula a ku fakitale.

Mpira wa matayala, magolovesi a kuchipatala ndi makondomu umachokera ku mtengo wotchedwa Hevea brasiliensis, kwawo ku nkhalango ya Amazon ku Brazil. Mu 1876 Mngelezi wina, Henry Wickham, anatenga njere pafupifupi 70,000 kupita nazo ku munda wa zomera wa Kew ku London, ndipo mbande zake ndi zimene zinayambitsa minda ya mpira ku Asia. Kuno kwathu umalimidwa ku esiteti ya Vizara ku Nkhata Bay. Wogwira ntchito amalawirira m'mamawa kukadali kozizira, amasenda khungwa pang'ono mopendeketsa osakhudza thupi la mtengo, utomoni n'kumadonthera m'kapu kwa maola angapo. Pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la mkakawo ndi mpira, wotsalawo ambiri ndi madzi. Akathira asidi umaundana ngati chambiko. Mpira wosaphika umafewa n'kumamata kukatentha, umauma gwa kukazizira. Unayamba kulimba pamene Charles Goodyear anautenthetsa pamodzi ndi salufa mu 1839.

Mayi, ndikuuzeni zoona ngakhale zikupwetekeni: mtengo umenewu si wa kuno kuchigwa. Umafuna mvula ya mamilimita pafupifupi 2,000 pa chaka, yogwa miyezi yambiri, ndi mpweya wachinyezi. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kawirikawiri sitipitirira 800, ndipo dzuwa la Okutobala mukulidziwa nokha. Ngakhale kudimba, madzi osefukira akaima masiku ambiri mizu yake imavutika. Komanso mungadikire zaka 6 kapena 7 musanatole dontho loyamba. Zimandiwawa kuona banja likugulitsa mbuzi kugula mbande zoti zikafere padzuwa. Malo amenewo bzalanipo mango, masawu kapena mapapaya.

Papayayo ali ndi utomoni wothandiza kukhitchini. Kandani chipatso chosapsa, tengani timadontho tochepa mupake pa nyama yolimba ya mbuzi yokalamba, kapena ikulungeni m'masamba ake kwa kanthawi musanaphike. Imafewa, nkhuni n'kupulumuka.

Koma chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba ndi nkhani ya nkhadze. Ambiri tinatchinga nayo makola ndi minda chifukwa imapirira chilala, ndipo ana amasewera pomwepo. Utomoni wake umawotcha khungu, ukalowa m'maso ululu wake ndi woopsa, munthu amatha kukhala masiku osaona. Poidula imani kumene mphepo ikuchokera, valani malaya a mikono yaitali, ndipo musapukute thukuta kumaso ndi dzanja logwira chikwanje. Zikachitika, musatikite diso. Tsukani ndi madzi oyera ambiri, oyenda, kwa mphindi zosachepera 15, kenaka thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Nthambi zodulazo musaphikire, ndipo zikwirireni patali ndi chitsime kapena dziwe la nsomba, chifukwa utomoni wake umapha nsomba.