Semi, hemi ndi demi: kuloweza mawu 30 pa tsiku sikupanga dokotala

Mtsikana wa Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera walemba kuti: "Bambo anga akufuna ndidzakhale dokotala. Anandigulira dikishonale yaikulu ndipo amandisankhira mawu 30 a sayansi oti ndiloweze tsiku lililonse, madzulo n'kundifunsa. Pa mayeso a teremu yatha ndinalemba kuti semi-permeable membrane imalola theka la zinthu kudutsa. Ndinalembanso kuti haemoglobin ndi theka la globin, poti ndinaloweza kuti hemi ndi theka. Mafunso onse awiri ndinalakwa. Masamu ndinapeza 41. Kodi mutu wanga ndi wosagwira?"

Mutu wako ulibe vuto, mwanawe. Makalata ngati akowa amabwera teremu iliyonse, ndipo nkhani yake imakhala yomweyi: mwana waloweza tanthauzo limodzi la liwu, ndiye akulikakamiza paliponse pomwe waona zilembo zofanana. Unachita bwino kuzindikira kuti mawu a sayansi amamangidwa ndi tizidutswa. Unangolekeza panjira.

Semi ndi Chilatini, hemi ndi Chigiriki, ndipo awiriwa ndi apachibale. Anachokera ku liwu limodzi la chinenero chamakedzana chomwe chinabala Chilatini ndi Chigiriki chomwe. Agiriki ankasandutsa s wa kumayambiriro kwa mawu kukhala h. N'chifukwa chake 6 ndi sex m'Chilatini koma hex m'Chigiriki, 7 ndi septem ndi hepta, ndipo super ndi hyper ndi liwu limodzi. Ukagwira pamenepa, hexane ndi heptane za mu Kemisitiri sizikuvutanso kuwerenga ma carbon ake. Nthawi zambiri tsinde la Chilatini limatenga semi, la Chigiriki limatenga hemi: circle ndi wa Chilatini, ndiye timati semicircle, pomwe sphere ndi wa Chigiriki, ndiye timati hemisphere. Demi anadzera m'Chifalansa kuchokera ku liwu la Chilatini lakuti dimidius, chinthu chogawidwa pakati, ndipo mu sayansi sudzakumana naye kwambiri. Oimba a ku Britain ndiwo anasonkhanitsa onse atatu m'dzina la noti imodzi yaifupi zedi, hemidemisemiquaver: quaver ndi 1/8 ya noti yathunthu, theka lake 1/16, theka lakenso 1/32, kenaka 1/64.

Chomwe dikishonale ya bambo ako sinakuchenjeze n'chakuti aphatikiri amenewa amagwira ntchito zitatu zosiyana, ndipo malikisi amatayika posadziwa kuti pano akugwira iti.

Nthawi zina amatanthauza theka lenileni, loyezeka. Semicircle ndi theka la circle, hemisphere ndi theka la mpira. Ngakhale apa ana amagwa m'mbuna. Tenga semicircle ya radius 7 cm, ndipo π akhale 22/7. Mbali yokhota ndi 22 cm, ndipo ambiri amalekera pomwepo poganiza kuti theka la circle ndiye theka la perimeter. Aiwala diameter ya 14 cm yomwe yatseka pansi. Yankho ndi 36 cm. Hemisphere yolimba ya radius yomweyo ili ndi 308 cm² pa mbali yokhota, komanso pali nkhope yathyathyathya yomwe yaoneka poidula, ya 154 cm², zonse pamodzi 462 cm². Ukadula chinthu pakati umapanga malire atsopano, ndipo wolemba mayeso amadziwa kuti ambiri sawawerengera. Volume yokha ndi yomwe imagawika bwinobwino, 2/3 πr³. Mu Kemisitiri muli hemihydrate. Ufa womwe amapangira chikhakha cha munthu wothyoka fupa ndi calcium sulphate hemihydrate, CaSO₄·½H₂O. Palibe molekyulu ya madzi yoduka pakati, tanthauzo lake ndi lakuti pa magawo awiri aliwonse a calcium sulphate pali molekyulu imodzi ya madzi. Amaupeza powotcha gypsum, CaSO₄·2H₂O, pa kutentha kwa pafupifupi 150°C, ndipo ukauthira madzi umabwerera kukhala gypsum n'kuuma gwaa. Ukadzafika ku koleji udzamvanso za semi-conservative replication, yomwe Meselson ndi Stahl anaitsimikiza mu 1958: DNA ikadzikopera, yatsopano iliyonse imakhala ndi chingwe chimodzi chakale ndi chimodzi chatsopano.

Nthawi zina akunena za maonekedwe, kapena za mbali imodzi mwa ziwiri. Luna ndi mwezi, choncho semilunar valves ndi zitseko zamumtima zomwe tizikhungu take timaoneka ngati mwezi wa theka. Zili potulukira magazi, pa aorta ndi pa pulmonary artery, chilichonse chili ndi tizikhungu titatu, ndipo zimaletsa magazi kubwerera m'ma ventricle. Usazisokoneze ndi bicuspid ndi tricuspid, zomwe zili pakati pa atrium ndi ventricle. Semicircular canals ndi timachubu titatu tokhota m'khutu lililonse. Sitithandiza kumva, imeneyo ndi ntchito ya cochlea. Muli madzi omwe amayenda mutu ukatembenuka, ndipo ukazungulira kwambiri n'kuima mwadzidzidzi madziwo amapitirizabe kuyenda, ndiye chizungulire chija. Ubongo uli ndi ma hemisphere awiri, ndipo lililonse limalamulira mbali ina ya thupi: munthu sitiroko ikamugwira ku hemisphere ya kumanzere, amafa ziwalo kumanja. Kufa ziwalo mbali imodzi koteroko ndi hemiplegia, ndipo ikakhala kufooka chabe ndi hemiparesis. Ngakhale migraine, mutu waching'alang'ala, anachokera ku hemikrania, theka la chigaza, chifukwa nthawi zambiri umapweteka mbali imodzi. Kungoti he wa koyambirira anagwa m'njira liwulo podutsa m'Chifalansa.

Ntchito yachitatu ndi yomwe inakugwetsa, ndipo ndi yofala kuposa zonse: semi kapena hemi kutanthauza kuti pang'ono, mwapakatikati, osati kwathunthu. Apa theka usaliganizeko n'komwe.

Semi-permeable membrane silola theka la zinthu kudutsa. Imalola tinthu tina, monga mamolekyulu a madzi, n'kutsekereza tina tikulutikulu, monga a shuga wosungunuka. Imasefa potengera mtundu ndi kukula kwa tinthuto, siwerenga kuchuluka. N'chifukwa chake mabuku ambiri tsopano amalemba partially permeable kapena selectively permeable. Udzionere wekha kunyumba. Senda mbatatesi yaiwisi, udule tizidutswa titatu tofanana, totalika 5 cm. Kamodzi uike m'kapu ya madzi abwino, kena m'kapu ya madzi omwe wasungunuliramo masupuni atatu aakulu a mchere. Kachitatu uyambe wakawiritsa, kenaka ukaike m'madzi abwino. Pakatha ola limodzi uyezenso ndi rula. Ka m'madzi abwino kakhala kolimba ndi kotalikirapo pang'ono, ka mumchere kafota n'kufupika, kowiritsa kaja sikalimba chifukwa moto unaononga ma membrane ake. Zikakanika, kawirikawiri ndi chifukwa chosiya khungu pa mbatatesi, kudula tizidutswa tosafanana, kapena kuchepetsa mchere. Ukaona zimenezi ndi maso, tanthauzo la osmosis, kuyenda kwa madzi kudzera mu membrane yotereyi, sudzaliiwalanso.

Semiconductor nayo sidutsitsa theka la magetsi. Ndi chinthu monga silicon kapena germanium, chomwe chimadutsitsa magetsi kuposa galasi koma moperewera kutali poyerekeza ndi kopa. Funso lomwe limabwera kawirikawiri ndi la kutentha: waya wa kopa ukatentha resistance yake imakwera, pomwe ya semiconductor imatsika, chifukwa kutenthako kumamasula ma electron ambiri. Silicon ali ndi ma electron anayi kunja. Ukasakanizamo phosphorus pang'ono, yemwe ali ndi asanu, wapanga n-type. Ukasakanizamo boron, yemwe ali ndi atatu, wapanga p-type. Ziwirizi zikakumana ndiye diode, yomwe imalola magetsi kudutsa njira imodzi yokha. Transistor yoyamba inapangidwa ku Bell Labs mu 1947, ndipo foni ndi sola ya padenga zimadalira zinthu zomwezi.

Chitsanzo china chili m'munda mwanu. Kaufiti, yemwe asayansi amamutcha Striga, ndi hemiparasite. Ali ndi masamba obiriwira ndipo amadzipangira chakudya pang'ono, koma mizu yake imaboola mizu ya chimanga n'kumayamwa madzi ndi chakudya. Chomera chosadzipangira kalikonse chimatchedwa holoparasite, poti holo ndi chathunthu. Kaufiti amayamba kuononga asanatulukire pamwamba, n'chifukwa chake chimanga chimapinimbira mlimi asanaone maluwa ofiira aja. Mu Jogalafe, dera la semi-arid, monga chigwa cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi louma koma losafika pa chipululu.

Pali mayina ena omwe amanena zoona za gawo chabe la gulu lake. Hemiptera ndi theka ndi phiko, chifukwa nunkhadala ndi anzake ali ndi mapiko akutsogolo olimba kutsinde, ofewa kunsonga. Koma nsabwe za m'mbewu ndi za gulu lomweli ndipo zilibe mapiko otero, nsikidzi nazo siziuluka n'komwe. Chomwe chimawaphatikiza onse ndi mlomo woboola ndi kuyamwa. Ukafunsidwa chizindikiro cha gululi, tchula mlomowo.

Tsopano haemoglobin. Mulibemo hemi. Muli haima, liwu la Chigiriki lotanthauza magazi, lomwe lilinso mu haemophilia, haemorrhage ndi kumapeto kwa anaemia. Chisokonezo chimakula chifukwa a ku America amachotsa a uja n'kulemba hemoglobin, ndipo zambiri zomwe umawerenga pa intaneti n'zolembedwa kumeneko. Iwe uzilemba haem monga mabuku a kusukulu amalembera, ndipo diso lidzazolowera kusiyanitsa. Semi nayenso ali ndi omufanana omwe si abale ake. Seminiferous tubules, za pa mutu wa kubereka, si theka la chilichonse: semen m'Chilatini ndi mbewu, ndipo dzinali likutanthauza timachubu tonyamula mbewu. Seminar ndi seminale zinachokera ku tsinde lomwelo, malo ofesera. Semester imaoneka ngati theka la chaka, koma inachokera ku sex ndi mensis, miyezi 6.

Njira yoyesera ndi iyi. Phimba semi kapena hemi ndi chala, uone chotsalacho. Conductor, permeable, lunar, parasite, sphere ndi mawu paokha, ndiye mphatikiriyo ndi weniweni. Ukaphimba semi mu seminar patsala nar, wopanda tanthauzo, ndiye kayikira. Njirayi imaphonya pa matsinde a Chigiriki monga ptera ndi plegia, omwe uyenera kuwaphunzira paokha, koma amabweza ndalama zake: ptera yemweyo ali mu Diptera, gulu la ntchentche ndi udzudzu zamapiko awiri, komanso mu Lepidoptera, gulu la agulugufe.

Gula kope la masamba 40. Mphatikiri aliyense umpatse tsamba lake, uligawe m'mizati inayi: liwu, tsinde ndi tanthauzo lake, ntchito yomwe mphatikiriyo akugwira pa zitatu zija, ndi chiganizo chimodzi chofotokoza chinthucho mmene ungachifotokozere mng'ono wako. Pansi pa tsamba usiye malo a mawu onyenga. Uzilembamo mawu okhawo omwe wakumana nawo m'kalasi, m'buku kapena m'mapepala akale a MANEB, osati osakasaka mu dikishonale. Mphindi 15, katatu pa sabata, zakwana. Ukatha atatuwa upite pa hypo ndi hyper, endo ndi exo, iso, mono, di ndi poly. Aphatikiri 30 okha adzakutsegulira mawu ambiri kuposa onse omwe waloweza chaka chino.

Bambo, ndi inu tsopano. Chidwi chanu pa sukulu ya mwana n'choyamikika, makolo ambiri kope la mwana saliona n'komwe. Koma mawu 30 pa tsiku ndi 210 pa sabata, ndipo palibe mwana angawasunge ali opanda mutu wa phunziro woti awakolowekepo. Nthawi yomwe mukumuimika pabalaza kuti alakatule matanthauzo mukuilanda ku Masamu, komwe kukupsa. Ndipo udokotalawu mwamufunsapo mwini wake? M'kalata yonse sanalembe paliponse kuti iye akuufuna. Ngati mukufuna kumufunsa madzulo, musiye dikishonale pa shelefu. Muzimuuza kuti akufotokozereni m'Chichewa chifukwa chake kaufiti amapinimbiritsa chimanga, kapena chifukwa chake masamba amatuluka madzi mukawawaza mchere. Akakufotokozerani mpaka inu mwamva, ndiye kuti phunzirolo walidziwa.

Mwanawe, ndisakunamize. Kudziwa semi ndi hemi kungakupulumutsire malikisi angapo, koma sikungakulowetse ku KUHeS, yunivesite yophunzitsa udokotala. Malo a udokotala ndi ochepa, ndipo omwe amawalimbirana amakhala ndi mapointi 1 ndi 2 pa MSCE m'Masamu, Bayoloje, Kemisitiri ndi Fizikisi, Chingerezi nacho chili bwino. Ndi 41 m'Masamu sunayambe n'komwe mpikisanowo. Ubwino wake uli Fomu 3, nthawi ikadalipo, ndipo mwana yemwe amayesa kuphwanya liwu kuti alimvetse, ngakhale waliphwanya polakwika, ali ndi poyambira. Maola omwe amathera pa kuloweza uwapatse Masamu: mafunso asanu a m'mapepala akale tsiku lililonse, olembedwa njira yonse, aphunzitsi n'kukuchongera kamodzi pa sabata. Uyambenso kufufuza za unamwino, za labotale ndi za mankhwala ku Malawi College of Health Sciences, komanso za mbewu ndi tizilombo toononga ku LUANAR, kuti pofika nthawi yodzaza fomu ya NCHE udzakhale ukusankha zomwe ukuzidziwa.