Zozizira za pa 4 ndi pa 6 Julaye: pangani mafilizi, ayisikirimu musiyeni

Mayi anzanga, ndawerenga funso lanu lija lakuti mwapatsidwa udindo wokonza zozizira za chikondwerero cha ufulu wa America cha pa 4 Julaye chimene anthu a m'dera lanu kuno ku America amachitira kupaki, komanso kuti pakangopita masiku awiri muli ndi phwando la Amalawi lokumbukira ufulu wa pa 6 Julaye, ndipo mukufunsa ngati kuli bwino kugula ayisikirimu kapena kupanga nokha chinthu chokhala ndi mitundu ya mbendera. Ntchito imeneyi ndaigwira kwa zaka zingapo, ndipo langizo langa ndi lakuti ayisikirimu mumusiye, mupange mafilizi a pakamtengo a mizere itatu, ndipo muyambe kudakali masiku awiri.

Ayisikirimu amafuna timbale, timasupuni ndi munthu woima pamenepo n'kumagawa, ndipo dzuwa la Julaye likafika madigiri 32 a Celsius amasanduka phala anthu asanathe n'komwe kudya nyama. Filizi mwana amangotola n'kumapita, ndipo mbendera imaonekera m'dzanja lake lomwelo. Zimandiseketsa ndikakumbukira kuti kwathu tsiku la ufulu, limene tinaupeza mu 1964, limafika pakati pa chiperoni, pamene aliyense wavala juzi ndipo mtima uli pa tiyi ndi mbatata, ogulitsa mafilizi a malambe akudikira kutentha kwa Okutobala. Kuno nyengo inatembenuka, moti tsiku lomwelo timalikondwerera thukuta lili kamukamu.

Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi shuga, chifukwa ntchito yake siithera pa kutsekemera. Shuga amatsitsa mlingo umene madzi amaundanira, kotero kuti akachepa filizi imauma ngati mwala ndipo imapweteka mano, pamene akachuluka imakana kuuma bwino ndipo imasiyana ndi kamtengo kake mukamaisolola. Ngati muli ndi zikombole 10 za mamililita 90 chilichonse, mzere uliwonse ufuna pafupifupi mamililita 300, ndipo pa mlingo umenewo masupuni akuluakulu 3 a shuga amakwana ngati mukugwiritsa ntchito zipatso zakupsa kapena yogati, koma pa chakumwa chamadzimadzi muike 4 kapena 5. Mukalawa musanathire m'zikombole, zimveke zotsekemera mopitirira pang'ono, popeza kuzizira kumaphetsa lilime ndipo chimene chimakoma bwino chili chamadzi chimamveka chosukuluka chikauma.

Mizere ndi imene imafuna kuleza mtima. Chaka changa choyamba ndinathira mzere wachiwiri woyamba usanagwire, ndipo m'mawa mwake ndinatulutsa zinthu za mtundu wa matope zimene sindikanatha kunena kuti ndi mbendera ya dziko liti. Thirani mzere woyamba, muike mufiriji mbali yozizira kwambiri, imene iyenera kukhala pa madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo mudikire mphindi 45 kapena ola limodzi mpaka pamwamba pake palimbe moti chala sichikulowa msanga. Mzere wachiwiri ukhale woziziratu musanauthire, chifukwa wofunda umasungunula woyambawo. Timitengo mulowetse wachiwiriwo ukayamba kugwira, kuti tiime tokha osapendekeka, ndipo pothira wachitatu musiye kampata pamwamba chifukwa madzi akamaundana amafufuma. Akatero agone usiku wonse. Kumbukiraninso kuti chikombole chimakhala chozondoka, choncho mtundu umene mwayamba kuthira ndi umene udzakhale kunsonga. Pa mbendera yathu muyambe ndi wakuda, kenako wofiira, wobiriwira pomaliza. Pa ya America anthu anazolowera wofiira kunsonga, woyera pakati ndi wabuluu kumunsi, monga mmene alili mafilizi a Bomb Pop amene anayamba kupangidwa ku Kansas City mu 1955.

Wofiira ndi woyera sizivuta. Masitiroberi ndi otchipa nyengo ino, ngakhale ine ndimaona kuti safika pa kununkhira kwa amene amagulitsidwa m'mphepete mwa msewu wokwera phiri la Zomba, ndipo mukawagaya ndi shuga ndi madontho a ndimu amatulutsa kufiira kokwanira. Mukafuna kufiira kozama, wiritsani chidede, chimene m'masitolo a anthu ochokera ku Mexico amachigulitsa chouma pa dzina la jamaica, ndipo muthireko pang'ono m'masitiroberiwo. Pa woyera gwiritsani ntchito yogati wa mkaka wosachotsa mafuta, kapena mkaka wa kokonati ngati pali ana amene mkaka wa ng'ombe umawadwalitsa. Ufa wa malambe umapezeka m'masitolo ena, ndipo supuni imodzi mu yogati imabweretsa kuwawasa kuja kwa mafilizi a pachipata cha sukulu, koma mukachulutsa mzerewo umasiya kuyera.

Wabuluu ndiye amanamiza anthu ambiri. Zipatso zimene amazitcha blueberries zimaoneka zabuluu ndi khungu lokha, ndipo mukazigaya zimatuluka zapepo, mukathiramo ndimu zimapita kofiira, chifukwa utoto wake umasintha ukakumana ndi zowawasa. Ngati anthu anu sangadandaule ndi pepo woderako, ziphikeni pang'ono ndi shuga popanda ndimu, ndipo kukoma kwake n'kwabwino kuposa njira zina zonse. Koma ngati mukufuna buluu weniweni wa pa mbendera, njira yosavuta ndi kutenga mkaka wa kokonati kapena yogati yemwe uja n'kuthiramo madontho ochepa a utoto wa zakudya, kapena kaufa kabuluu kochokera ku ndere kotchedwa spirulina. Pali amene amawiritsa maluwa a butterfly pea, amene amatulutsa buluu wokongola, koma nawonso akakhudzana ndi ndimu kapena yogati wowawasa amasanduka pepo, choncho awo aziyendera limodzi ndi mkaka wa kokonati basi. Ine ndimasankha madontho a utoto, chifukwa ndi tsiku limodzi pachaka ndipo mlingo wake ndi wochepa zedi.

Pa mbendera ya kwathu vuto lili pa wakuda. Mudzaona ena pa intaneti akulangiza ufa wa makala umene umagulitsidwa m'masitolo a zaumoyo, ndipo ndikukupemphani kuti umenewo musauyerekeze, chifukwa makala otere amagwira mankhwala m'mimba n'kuwalepheretsa kulowa bwino m'thupi, ndipo paphwando la anthu 50 simungadziwe amene akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena olera. Gulani koko wakuda, wa mtundu umene umadetsa mabisiketi a Oreo, mumusungunule mu mkaka wotentha ndi shuga, azizire, ndipo mudzapeza mzere wakuda bii umene umagwirizana bwino ndi sitiroberi. Ngati simukufuna chokoleti, phikani zipatso za blackberries mpaka madzi achepe n'kusefa njere zake. Zimenezi zimada ngati mabulosi aja tinkathothola tili ana, ndipo zimadetsa milomo ndi malaya chimodzimodzi, choncho makolo muwachenjeze.

Wobiriwira ndimapangira peyala lakupsa, logayidwa ndi mkaka, shuga ndi madzi a ndimu oletsa kuda, ndipo mzere wake umakhala wofewa ngati ayisikirimu. Chipatso cha kiwi chimapereka kubiriwira kowala, koma chosaphika chimawawitsa mkaka chikakhala nawo nthawi, choncho mukachisankha musachisakanize ndi yogati, ndipo muchigaye pang'ono chabe kuti njere zisaphwanyike. Dzuwa lija la pa mbendera, la cheza 31, musavutike nalo. Kachidutswa kopyapyala ka sitiroberi komatidwa kukhoma la chikombole musanathire wakuda kamakwanira, ndipo Mmalawi aliyense akaona amadziwa chimene chikutanthauza.

Tsiku lisanafike, viikani zikombole m'madzi ofunda kwa masekondi 15, musolole mafiliziwo, mukulunge iliyonse m'kapepala ka pulasitiki n'kubwezera mufiriji kuti ilimbenso. Mukatero zikombole zimapeza mpata wopangira ena, zimene n'zofunika kwa inu amene muli ndi maphwando awiri motsatizana. Ponyamula, ayezi wamba yekha sakwanira, chifukwa amakhala pa ziro pamene filizi ya shuga imayamba kufewa isanafike pamenepo. Muwaze mchere wambiri pa ayeziyo m'bokosi losungira zozizira, mafilizi ali m'thumba lotseka bwino kuti madzi amchere asalowe, popeza mchere umatsitsa kuzizirako kwambiri. Ngati mwagula ayezi wouma uja wotuluka utsi, amene amazizira kufika madigiri 78 pansi pa ziro, musamugwire ndi manja opanda magolovesi, musatseke bokosilo mothinitsa, ndipo m'galimoto mutsegule mawindo. Kupakiko bokosi likhale pamthunzi, ndipo muzitulutsa mafilizi 10 okha nthawi imodzi anthu akatha kudya, kwinaku mukuuza ana kuti chivindikiro chili ndi mwini wake mmodzi. Amene ali ndi mkaka akasungunukiratu musawabwezere mufiriji kuti mukawagawe pa 6 Julaye, koma a phwando lachiwirilo akhale awoawo, osatuluka m'nyumba mpaka tsiku lake.